Mphunzitsi wa sekondale amasulidwa kuti, ndipo amaphunzira chiyani zaka zinayi zonsezo?

Chaka chilichonse mayina a osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede akatuluka, m'makomo ambiri mumabuka funso lofanana. Mwana wasankhidwa kukachita maphunziro a uphunzitsi ku Zomba kapena ku Mzuzu, nthungululu zalira, koma dzuwa lisanalowe wina wafunsa kale: "Nanga mwana wa a uje uja anapita ku TTC ya Kasungu, si uphunzitsi womwewu? Iye zaka ziwiri, uyu zinayi, akusiyana pati?" Ena akamva za Domasi kapena Nalikule amangoti ndi TTC ina basi. Enanso amadabwa kumva kuti munthu waphunzira ku Domasi koma pepala lake lalembedwa dzina la University of Malawi.

Chisokonezochi n'chomveka, chifukwa m'Malawi muno ntchito yosula aphunzitsi imachitikira malo osiyanasiyana, ndipo malo alionse ali ndi mbiri yake. Tiyeni tiwaone bwinobwino, makamaka gawo la yunivesite, kuti tidziwe chimene limapereka ndi pamene pagona mphamvu yake.

Makomo atatu olowera mu uphunzitsi

Khomo loyamba ndi TTC, sukulu yosulira aphunzitsi a pulayimale. Za boma zilipo ku Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga, Blantyre, Chiradzulu, Phalombe ndi madera ena, ndipo pali St Joseph's ku Bembeke m'boma la Dedza imene imasula aphunzitsi aakazi. Bungwe la DAPP nalo lili ndi makoleji ake, monga Chilangoma ndi Amalika. Maphunziro ake amadziwika ndi dzina loti IPTE, amatenga zaka ziwiri, ndipo womaliza amalandira satifiketi. Mphunzitsi ameneyu amakonzekera kuphunzitsa phunziro lililonse kuyambira Sitandade 1 mpaka Sitandade 8: m'mawa Chichewa, kenako masamu, kenako zaulimi, masana zaluso.

Khomo lachiwiri ndi makoleji a boma osula aphunzitsi a sekondale, omwe ndi Domasi ku Zomba ndi Nalikule ku Lilongwe. Awa ali pansi pa Unduna wa Zamaphunziro, si mayunivesite paokha, koma anagwirizana ndi University of Malawi kuti iziyang'anira mulingo wa maphunziro awo n'kumapereka mapepala. N'chifukwa chake dzina la yunivesite limaoneka pa pepala la munthu amene zaka zake zonse anazithera m'mphepete mwa mtsinje wa Domasi.

Khomo lachitatu ndi nthambi ya zamaphunziro imene ili m'kati mwa yunivesite yeniyeni. Yakale kwambiri ndi ya ku University of Malawi, imene ambiri timaitchabe Chanco. Mzuzu University ili ndi yake. Ku MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, amasula aphunzitsi a maphunziro a luso lamanja ndi zamalonda, ndipo ku LUANAR amasula aphunzitsi a zaulimi. Mayunivesite a mipingo, monga Catholic University ku Nguludi ndi University of Livingstonia, nawonso ali ndi maphunziro a uphunzitsi. Digiri imatenga zaka zinayi, ndipo womaliza amakhala katswiri wa maphunziro awiri kapena limodzi, osati onse.

Ndiye kusiyana kwakukulu si kwakuti wina ndi wanzeru kuposa mnzake. Mphunzitsi wa pulayimale amafunika kudziwa zinthu zambiri komanso kudziwa mwana wamng'ono. Wa sekondale amafunika kulowa pansi kwambiri pa phunziro lake, chifukwa mwana wa Fomu 4 amafunsa mafunso amene sungawazembe.

Kumene zinachokera

Aphunzitsi oyambirira m'dziko muno anasulidwa ndi amishoni. Ku Khondowe kunali Overtoun Institution imene inatsegulidwa mu 1894, ku Blantyre kunabwera Henry Henderson Institute mu 1909, ndipo mpingo wa Dutch Reformed unali ndi sukulu yake ya William Murray. Boma la atsamunda linalowa mochedwa pa ntchitoyi, pamene linatsegula Jeanes Training Centre ku Domasi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Choncho Domasi wakhala mudzi wa aphunzitsi kwa zaka pafupifupi 100, ndipo si mwangozi kuti Malawi Institute of Education, imene imakonza silabasi ya sukulu zathu, ili komweko.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, sukulu za sekondale zinali zowerengeka ndipo aphunzitsi ake ambiri anali ochokera kunja. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, ndipo posakhalitsa koleji ya aphunzitsi ya Soche Hill inakhala gawo la yunivesiteyo. Mu 1973 Chancellor College itasamukira ku Chirunga ku Zomba, maphunziro a ku Soche Hill anasamukira limodzi. Kuyambira pamenepo wophunzira uphunzitsi anayamba kukhala m'chipinda chimodzi ndi wophunzira sayansi kapena mbiri yakale, kuphunzitsidwa ndi anthu omwewo. Mfundo imeneyi tiibwereranso, chifukwa ndi imene imasiyanitsa yunivesite ndi makoleji ena.

Koma Chanco yokha sikanakwanitsa. Mu 1993 boma linasandutsa koleji ya Domasi kukhala yosula aphunzitsi a sekondale pa mulingo wa dipuloma. Chaka chotsatira, 1994, kunabwera maphunziro aulere a pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene anali asanapite ku koleji, n'kuwapatsa maphunziro a masabata ochepa chabe. Pofuna kuwasula ali pantchito, mu 1997 kunayamba ndondomeko ya MIITEP, momwe mphunzitsi ankakhala miyezi itatu ku koleji ndipo nthawi yotsalayo ankaphunzira akuphunzitsa. IPTE inabwera pambuyo pake, cha mu 2005.

Ana onse aja anakula n'kufuna sekondale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malo ophunzirira a koleji ya maphunziro a patali ya MCDE, amene ankatchedwa ma DEC, anasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera, ma CDSS. Ambiri amene anapezeka akuphunzitsa kumeneko anali aphunzitsi a pulayimale amene anangokwezedwa chifukwa panalibe wina. Munthu wa MSCE n'kumaphunzitsa ofuna kulemba MSCE. Anagwira ntchito yaikulu anthu amenewa, ndipo ambiri a ife tinadutsa m'manja mwawo, koma vuto linali loonekeratu. Mzuzu University, imene inalandira ophunzira oyamba mu 1999 pa malo amene kale panali TTC ya Mzuzu, inayamba ndi maphunziro a uphunzitsi pa chifukwa chomwechi. Nalikule, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, inatsegulidwa mu 2017 ndipo imaika mtima kwambiri pa sayansi ndi masamu. Mukaona mndandanda umenewu, muona kuti pafupifupi koleji iliyonse inabadwa poyankha kusowa kwa aphunzitsi kumene kunali kutafika kale pakhosi.

Zaka zinayi zimathera pa chiyani

Digiri ya uphunzitsi ili ndi mbali zitatu zimene zimayendera limodzi.

Mbali yoyamba ndi phunziro lenilenilo. Wofuna kudzaphunzitsa Chemistry amaphunzira Chemistry ya pa yunivesite, yopitirira kutali zimene zili mu silabasi ya MSCE. Ena amafunsa kuti n'chifukwa chiyani munthu azivutika ndi masamu a chaka chachitatu pamene adzaphunzitsa Fomu 2. Yankho lake limaoneka tsiku limene mwana wafunsa chinthu chimene sichili m'buku. Mphunzitsi amene amadziwa zokhazo zimene zili m'buku la ana amaopa mafunso, ndipo mphunzitsi woopa mafunso amaphunzitsa ana kukhala chete. Apa ndi pamene yunivesite ili ndi mwayi: ili ndi nthambi zonse za sayansi, zilankhulo, mbiri yakale ndi zina, ili ndi malabotale ndi laibulale, ndipo ophunzitsa ake ndi anthu amene moyo wawo wonse uli pa phunziro limodzi.

Mbali yachiwiri ndi maziko a maphunziro. Muli kuphunzira mmene maganizo a mwana amakulira, chifukwa chimene mwana wina amagwira msanga pamene wina amachedwa, mmene umphawi, chikhalidwe ndi za kunyumba zimalowera m'kalasi, mbiri ya maphunziro, kayendetsedwe ka sukulu, ndiponso kayesedwe ka ana. Kulemba funso la mayeso labwino ndi luso lapadera. Funso likhoza kuyesa ngati mwana analoweza, kapena ngati anamvetsa, ndipo mphunzitsi wosasulidwa nthawi zambiri amafunsa za kuloweza osazindikira n'komwe. Mulinso za ana amene ali ndi ulumali kapena zovuta zina pophunzira, ngakhale kuti ukatswiri weniweni wa zimenezi, monga zilembo za Braille ndi chilankhulo chamanja, kwa nthawi yaitali wakhala ukuphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi.

Mbali yachitatu ndi imene anthu akunja saiona kwenikweni, koma kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonse: kaphunzitsidwe ka phunziro lakutilakuti. Osati kaphunzitsidwe wamba, koma mmene umaphunzitsira masamu, mosiyana ndi mmene umaphunzitsira ndakatulo. Telala wodziwa bwino ntchito akhoza kusoka suti yokongola, koma mukamupatsa mnyamata woti amuphunzitse, mupeza akungomulanda nsalu n'kunena kuti "taona, umangotere." Manja ake amadziwa, koma sanaganizepo kuti munthu woyamba kumene amasokonezeka pati. Mphunzitsi amasulidwa kuti adziwe malo osokoneza aja asanafikepo.

Titenge chitsanzo cha Fomu 1. Mwana akuuzidwa kuti nambala ya minus ikachulukitsidwa ndi inzake ya minus, yankho limakhala la plus. Ambiri tinangoloweza. Mphunzitsi wosulidwa bwino amalemba pa bolodi motsetsereka: 3 kuchulukitsa ndi -2 ndi -6, 2 kuchulukitsa ndi -2 ndi -4, 1 kuchulukitsa ndi -2 ndi -2, 0 kuchulukitsa ndi -2 ndi 0. Kenako amaima, choko chili m'manja, n'kufunsa kuti, "Mayankhowa akuyenda bwanji?" Wina kumbuyo akuti akukwera ndi 2. "Chabwino, nanga mzere wotsatira, -1 kuchulukitsa ndi -2, tilembe chiyani?" Kalasi imayankha yokha kuti 2. Lamulo lija ana alipeza ndi mitu yawo, ndipo saliiwala msanga. Pa bolodi zatenga mphindi zisanu, koma kuti munthu adziwe kuyala mizere inayi ija m'ndondomeko yotere, ndi kudziwa pamene ayenera kusiya kulankhula, pamafunika wina amuonetse, ayesere, alakwitse, akonzedwe.

Chimodzimodzi ku sayansi. Sukulu zambiri zoyendera zilibe labotale, ndipo makoleji athu amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake amalimbikitsa zimene aphunzitsi amazitcha TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo. Pophunzitsa za ma acid ndi ma base, mphunzitsi akhoza kubwera ndi madzi ofiira a chidede m'mabotolo awiri. M'botolo lina afinyiramo ndimu, ndipo kufiira kuja kumawala kwambiri. M'linalo athiramo chidulo, chomwe chija amayi amatcheza kuchokera ku phulusa pophika therere, ndipo madziwo amasintha mtundu n'kuyamba kubiriwira. Mwana amene wakhala akuona chidulo moyo wake wonse amazindikira tsiku limenelo kuti Chemistry inali kukhitchini kwawo kuyambira kale. Koma taonani kuti mphunzitsi sangaganize za chidede ngati sakudziwa bwino chimene chimachititsa kusintha mtunduko. Mbali yoyamba ija ndi yachitatuyi sizisiyana.

TP, pamene zonse zimayesedwa

Wophunzira aliyense wa uphunzitsi amadziwa zilembo ziwiri izi. TP ndi nthawi imene amatumizidwa ku sukulu yeniyeni kukaphunzitsa ana enieni. Asanapite amayamba wayeserera pa anzake: kuphunzitsa kwa mphindi zochepa, anzake akukhala ngati ana, kenako onse n'kukambirana zimene zayenda ndi zimene sizinayende. Ku Domasi ndi ku Nalikule kuli sukulu za sekondale zachitsanzo pafupi ndi koleji, kumene ophunzira amakaonerera ndi kuyeserera.

Ku TP yeniyeni munthu amapatsidwa kalasi, amalemba ndondomeko ya ntchito ya teremu ndi pulani ya phunziro lililonse, amachonga makope, amakhala nawo pa misonkhano ya aphunzitsi. Tsiku lina, kawirikawiri mosadziwitsa, mphunzitsi wake wa ku koleji amatulukira, n'kukhala pa desiki yakumbuyo ndi fomu yake. Amaona ngati phunziro linayamba ndi chinthu chokopa ana, ngati mafunso akupita kwa atsikana ndi anyamata omwe, ngati a kumbuyo akumva, ngati bolodi lalembedwa mwadongosolo, ngati nthawi yakwana. Belu likalira amakhala pansi awiriwiri. Ambiri amene anadutsamo amanena kuti kukambirana kwa mphindi makumi awiri kumeneko kunawaphunzitsa zambiri kuposa mabuku a teremu yathunthu.

Apa ma TTC ndi mayunivesite amasiyana kwambiri. IPTE poyamba inali chaka chimodzi ku koleji, chaka chimodzi ku sukulu. Itakonzedwanso mu 2017, inakhala materemu awiri ku koleji, awiri ku sukulu, awiri omaliza kubwerera ku koleji, kuti wophunzira abwere ndi mavuto amene wakumana nawo n'kuwaunika pamodzi ndi aphunzitsi ake. Choncho gawo limodzi mwa magawo atatu a nthawi yake limathera m'kalasi yeniyeni. Ku yunivesite, TP nthawi zambiri imakhala ya teremu imodzi pa zaka zinayi. Amene amakonda njira ya TTC amati uphunzitsi umadziwika pophunzitsa, ndipo teremu imodzi ndi yochepa. Amene amaikira kumbuyo yunivesite amati kuchita chinthu nthawi yaitali usanachimvetse kumangokhazikitsa zizolowezi zolakwika, makamaka ngati kusukuluko kulibe mphunzitsi waluso wokuyang'anira. Mbali zonse zili ndi mfundo. Chimene onse amavomereza n'chakuti TP imadya ndalama zambiri, chifukwa kuti mphunzitsi wa ku koleji akafike ku sukulu ya kumudzi pamafunika galimoto, mafuta ndi malo ogona, ndipo ndalama zikachepa, maulendo oyendera ophunzira ndi amene amayamba kudulidwa.

Zimene yunivesite imachita zomwe ena sachita

Kusula aphunzitsi a sekondale ndi gawo limodzi chabe. Yunivesite imaphunzitsanso anthu amene amaphunzitsa aphunzitsi. Ophunzitsa ambiri a m'ma TTC, oyendera sukulu, olemba silabasi ku Domasi, okonza mayeso ku MANEB ndi akuluakulu a ku unduna anadutsa m'nthambi za zamaphunziro za mayunivesite athu, ena mpaka digiri yachiwiri ndi yachitatu. Kotero ngakhale mwana wa Sitandade 2 amene sadzaonana ndi mphunzitsi wa digiri amakhudzidwabe ndi zimene zimachitika ku Chirunga kapena ku Luwinga kumene kuli Mzuzu University, kudzera mwa amene anasula mphunzitsi wake ndi amene analemba buku lake.

Chinanso ndi kafukufuku. Ku University of Malawi kuli Centre for Educational Research and Training, imene kwa zaka zambiri yakhala ikufufuza nkhani monga kusiya sukulu kwa atsikana ndi kakhozedwe ka ana. Kulinso Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndipo imagwira ntchito pa zilankhulo za m'dziko muno. Mphunzitsi wa pa yunivesite amayembekezeka kufufuza ndi kulemba, osati kuphunzitsa kokha, ndipo wophunzira wa chaka chomaliza naye amachita kafukufuku wake wamng'ono. Kafukufuku wa wophunzirayu sasintha dziko, koma amamusiyira chizolowezi chofunika: ana akalephera mayeso, asathamangire kunena kuti ndi aulesi, koma ayambe wafunsa kuti alephera funso liti, ndipo chifukwa chiyani.

Kwa amene ali kale pantchito

Si onse amene amalowa ku koleji atangochoka ku Fomu 4. Mphunzitsi wa pulayimale amene ali ku CDSS, kapena wa dipuloma amene akufuna digiri, ali ndi njira zake. Yodziwika kwambiri ndi maphunziro a patali, amene masiku ano amatchedwa ODeL. Munthu amapitiriza kuphunzitsa, amawerenga mabuku okonzedwa mwapadera kunyumba, amatumiza ntchito, ndipo pa tchuthi amapita ku koleji kukakumana ndi aphunzitsi ndi kulemba mayeso. Domasi inayamba njira imeneyi cha m'ma 2000 ndi thandizo la dziko la Canada, makamaka pofuna kukweza aphunzitsi a m'ma CDSS. Mzuzu University nayo inaikulitsa kwambiri, mpaka kutsegula malo ophunzirira m'zigawo zina za dziko.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Sukulu sitaya mphunzitsi, banja silitaya malipiro, ndipo zimene waphunzira Loweruka akhoza kuziyesa m'kalasi Lolemba. Kulemera kwake amakudziwa ndi amene anayesapo: kuchonga makope masana, kuwerenga usiku ndi tochi, kukwera pachulu kusaka netiweki kuti ntchito itumizidwe tsiku lisanathe, ndi kugawa malipiro omwewo pakati pa fizi yake ndi ya ana ake. Anthu otere ndimawapatsa ulemu waukulu.

Palinso njira ya amene ali ndi digiri ya phunziro lina, monga sayansi kapena zachuma, koma akuphunzitsa popanda kusulidwa. Awa amachita satifiketi ya uphunzitsi ya pa yunivesite, yodziwika kuti UCE, imene imawapatsa mbali ziwiri zija zimene analibe. Ndipo kwa aphunzitsi a masamu ndi sayansi kwakhala kuli maphunziro a pa tchuthi a SMASSE, amene anayambira ku Domasi ndi thandizo la JICA, bungwe la boma la Japan.

Pepala ndi chilolezo

Mwachidule, pali mabungwe awiri amene kholo kapena wophunzira ayenera kuwadziwa. National Council for Higher Education, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndi imene imalembetsa makoleji ndi kuvomereza maphunziro awo. Musanalipire fizi ku koleji iliyonse, makamaka imene si ya boma, funsani ngati maphunziro enieniwo ndi ovomerezeka, osati dzina la koleji lokha, chifukwa koleji ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene digiri ina m'kati mwake sinavomerezedwe. Bungwe lachiwiri ndi Teachers Council of Malawi, lochokera m'lamulo la zamaphunziro la mu 2013, limene ntchito yake ndi kulembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa chilolezo. Digiri imanena zimene munthu anaphunzira, pamene chilolezo chimanena kuti akuloledwa kuima pamaso pa ana.

Mafunso amene sanayankhidwebe

Funso loyamba limapweteka ambiri. Sukulu zili ndi ana odzaza m'kalasi, aphunzitsi ndi ochepa, koma nthawi yomweyo pali aphunzitsi osulidwa amene akhala pakhomo zaka akudikira kulembedwa ntchito. Magulu a IPTE akhala akudandaula za izi poyera, ena analembedwa ngati aphunzitsi othandizira pa malipiro ochepa, ndipo a madigiri nawo sapulumuka. Makoleji amasula, koma amene amalemba ntchito ndi boma, molingana ndi ndalama zimene zili mu bajeti. Kodi makoleji achepetse olowa kuti agwirizane ndi malo a ntchito, kapena apitirize kusula poti ana ofuna mphunzitsi alipo? Aliyense amene wayankha mofulumira ndiye kuti mbali ina sanaione.

Lachiwiri ndi la aphunzitsi a pulayimale. Nkhani yokweza maphunziro awo kuchoka pa satifiketi kufika pa dipuloma kapena digiri yakhala ikukambidwa kwa nthawi yaitali. Oigwirizana nayo amati kuphunzitsa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kuwerenga ndi ntchito yovuta kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo ikufunika munthu wosulidwa mokwanira. Okayikira amafunsa za ndalama, za malipiro amene ayenera kukwera limodzi ndi pepala, ndiponso ngati wa digiri adzavomere kukhala ku sukulu imene ili mtunda wautali kuchokera pa msewu wa phula. Palinso funso la amene ali kale ndi satifiketi: adzawakweza bwanji onse, ndipo pa nthawi yaitali bwanji?

Lachitatu ndi la chilankhulo. Mu 1996 boma linalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo chawo, koma lamulo la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira. Ku sekondale zonse zimayenera kukhala m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, komabe aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya Fomu 1 kumudzi amadziwa kuti mphunzitsi akaona nkhope zazizira amatembenukira ku Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyawo kuti ana amve. Kodi makoleji aziphunzitsa mmene angasakanizire zilankhulo mwaluso, poti zikuchitika kale, kapena azilimbikira Chingerezi chokha poti mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi?

Palinso nkhani ya amene amasulidwa koma osafika m'kalasi. Digiri ya uphunzitsi wa masamu kapena sayansi imatsegula makomo a mabanki, mabungwe ndi makampani, ndipo munthu sangadzudzulidwe posankha kumene kuli malipiro abwino. Ena amati ophunzira azisainirana ndi boma kuti adzaphunzitsa zaka zingapo. Ena amati chingwe sichisunga munthu pamene nyumba ya mphunzitsi ikudontha ndipo kukwezedwa pantchito kumatenga zaka zosawerengeka. Mogwirizana ndi zimenezi, pali ophunzira amene analowa uphunzitsi chifukwa ndi kumene anapeza malo, osati kumene mtima unali. Ena mwa iwo amadzaikonda ntchitoyi akafika ku TP, ena ayi, ndipo palibe amene wapeza njira yodziwira zimenezi munthu asanalowe.

Funso lomaliza likukhudza Domasi ndi Nalikule. Kukhala pansi pa unduna kumawathandiza kuyankha msanga zosowa za sukulu za boma, ndipo ntchito yawo ndi imodzi yokha, kusula aphunzitsi, pamene ku yunivesite nthambi ya zamaphunziro imapikisana ndi nthambi zina pa ndalama ndi zipinda. Koma kudalira yunivesite ina pa mapepala kumatanthauza kuti sangasinthe maphunziro awo paokha, ndipo mwayi wa kafukufuku umakhala wochepa. University of Malawi yakale itagawidwa mu 2021 n'kubala MUBAS ndi KUHeS, ena anayamba kufunsa ngati makoleji awiriwa angadzaime paokha ngati yunivesite ya zamaphunziro, monga zilili ku Zambia ndi Kwame Nkrumah University ku Kabwe, imene inayamba ngati koleji ya aphunzitsi. Zikadzatero, adzapeza ufulu wokonza maphunziro awo, koma adzafunikanso ophunzitsa a madigiri apamwamba ochuluka, malabotale ndi ndalama zoyendetsera, ndipo zonsezi zidzachokera m'thumba lomwe lija limene likuyembekezeka kulemba ntchito aphunzitsi amene ali pakhomo.